Betty White sanafe ndi katemera

Mu minibasi yochokera ku Chinamwali kulowa m'tauni ya Zomba, mayi wina anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi cha gogo wachizungu wa imvi mbuu. "Awa anabayitsa katemera wa Covid, patangotha masiku atatu anatisiya," anatero. Ena anangogwedeza mitu kuvomereza.

Gogoyo ndi Betty White, katswiri wa masewero oseketsa a pa kanema ku America, wodziwika kwambiri ndi The Golden Girls, sewero lomwe linkaonetsedwa kuyambira 1985 mpaka 1992. Anabadwa pa 17 Januwale 1922 ndipo anamwalira pa 31 Disembala 2021, kutatsala masiku 17 kuti akwanitse zaka 100. Chikalata cha imfa yake chimanena kuti anachita sitiroko masiku 6 asanamwalire. Za katemera mulibemo. Jeff Witjas, amene ankamuyendetsera ntchito, anatsutsanso poyera nkhaniyo.

Bodza la mtundu uwu limangolumikiza zinthu ziwiri: munthu wotchuka wamwalira, katemera ali m'kamwam'kamwa, basi. Zaka 99 zija palibe amazitchula.

Chondiseketsa n'chakuti gogoyu anthu anamuliranso ali moyo. Mu 2014 tsamba lina la nthabwala pa intaneti linalemba kuti Betty White wadaya tsitsi mwamtendere kunyumba kwake. M'Chingerezi, kudaya ndi kufa zimamveka mofanana. Ambiri anangoona mutuwo, n'kuyamba kupepesa pa Facebook. Mwini wake anakhalabe zaka zina 7.