Mameseji a pa WhatsApp si chilolezo

Mlandu wogwiririra ukangomveka, kaya ndi ku Ndirande kaya ku Chilomoni, funso loyamba lomwe abale amabwera nalo kwa ife maloya limakhala loti, "Koma mesa ankachezerana pa foni?" Anthu amaona ngati ikapezeka meseji imodzi yokha yomwe mkaziyo analemba kuti ndakusowa, kapena ka meseji ka Mpamba koonetsa kuti mwamunayo anatumiza ya thiransipoti, basi mlandu wafera pomwepo. Lamulo silinena choncho ayi, ndipo kusamvetsa kumeneku kukubwezera anthu ambiri pageti pa polisi asanalankhule n'komwe.

Gawo 132 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, limati munthu wagwiririra ngati wagona ndi mayi kapena mtsikana iye asanavomere, kapena wavomera inde koma chifukwa chokakamizidwa, kuopsezedwa, kuopa kuvulazidwa, kunamizidwa za chomwe chikuchitikacho, kapenanso ngati munthu wadziyerekeza kukhala mwamuna wake wa mayiyo. Chilango chake chili pa gawo 133 ndipo munthu atha kukhala moyo wonse kundende. Mukaliwerenga gawo 132 lija mulibemo mawu oti pokhapokha ngati anali pachibwenzi, mulibe za diresi lomwe anavala, mulibe zoti anapita yekha kunyumba kwa mwamunayo kapena anamwa Carlsberg wogulidwa ndi iye. Chomwe khoti likufuna kudziwa n'chimodzi: pa nthawi yomweyo, pa chomwe chinachitikacho, munthuyu anavomera mwaufulu kapena ayi? Amene munamubwereka njinga dzulo sangabwere lero kudzangoitenga pakhonde osakufunsani n'kumati pajatu mumandibwereka. Munthu atha kuvomera masana n'kusintha maganizo madzulo, atha kuvomera kubwera kudzacheza osavomera zinazo, ndipo atha kunena kuti siya zinthu zili mkati, kuyambira pamenepo wopitirizayo walakwa.

Kwa mwana ndiye nkhani ya kuvomera palibe n'komwe. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo pa milandu yogona ndi ana bambo akabwera ndi mameseji a mwana wasukulu olemba kuti ndimakukondani, akungodzibweretsera yekha umboni womumanga.

Tsopano za foni. Kuchokera pomwe tinakhala ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, mameseji ndi zina za pa intaneti zimatha kulandiridwa ngati umboni kukhoti, ndipo ndikuuzeni zoona, nthawi zambiri foni ndi imene imathandiza wodandaula kuposa china chilichonse chifukwa milandu imeneyi imachitikira m'chipinda momwe mulibe mboni. Meseji ya m'mawa mwake yoti "pepa za dzulo ndinaledzera, usauze munthu" ndi umboni wamphamvu kwambiri. Foni yomwe anaimbira mnzake cha m'ma 2 usiku akulira ndi umboni. Voice note yoopseza kuti ukanena ndimwaza zithunzi zako pa Facebook ndi umboni, komanso ingathe kukhala mlandu wina pawokha. Vuto n'loti munthu akapwetekedwa chinthu choyamba chomwe amafuna n'kufufuta chilichonse chokhudza amene wamupwetekayo, nambala, zithunzi, chat yonse, ndipo ndimamvetsa bwino chifukwa chake, koma chonde musadilite. Musadilitenso ngakhale meseji yomwe mukuona ngati ikukuchititsani manyazi, chifukwa mwamunayo kopi yake ali nayo ndipo akadzaitulutsa kukhoti inu mutachotsa yanu, loya wake adzati mukubisa zinthu. Sikirinishoti ndi yabwino koma payokha imatsutsika mosavuta, sungani foni yeniyeniyo, musaigulitse, musaifulashe.

Koma pali mbali ina yomwe imandiwawa. Foni ya munthu ndi moyo wake wonse, muli macheza ndi chibwenzi chakale, zithunzi zomwe sanajambulire anthu, nkhani za kuchipatala, ngongole za ku banki m'khonde. Ndiye tayerekezani mayi waima m'bokosi la mboni, khoti ladzaza, ena angobwera kudzadikira milandu yawo ya kuba nkhuku, loya wa woimbidwa mlandu wanyamula mapepala n'kuyamba: "Nambala iyi munaisunga kuti Bae ndi ya ndani? Nanga uyu winayu? Chithunzi ichi munatumizira ndani chaka chatha?" Anthu kumbuyo ayamba kuseka chamumtima, mayi uja mawu atha, wangoyang'ana pansi. Palibe funso ngakhale limodzi pamenepo lomwe likuyankha zomwe zinachitika usiku wa mlanduwo, cholinga chake n'chongoti majisitireti ayambe kumuona ngati mkazi woyendayenda amene sangakane mwamuna ndipo sanganene zoona.

Maiko ena anaona msanga kuipa kwake. Canada inakhazikitsa lamulo mu 1992 loletsa kugwiritsa ntchito mbiri ya munthu ya zogonana pofuna kuonetsa kuti mwina anavomera kapena kuti ndi wosakhulupirika. Ku England gawo 41 la lamulo la 1999 limati loya ayambe wapempha chilolezo kwa woweruza asanafunse zoterezi. Komabe khalidweli silifa msanga, mu 2018 ku Cork m'dziko la Ireland loya anauza khoti kuti liganizire mtundu wa kabudula wamkati yemwe mtsikana wa zaka 17 anavala, anthu anachita zionetsero m'misewu mpaka phungu wina, Ruth Coppinger, anatulutsa kabudula wotere m'nyumba ya malamulo. Ku England komweko mu 2019 apolisi anabweretsa mafomu opempha odandaula kuti apereke foni zawo zikafufuzidwe, anthu anakana mwamphamvu ndipo mafomuwo anachotsedwa mu 2020.

Kwathu kuno gawo 21 la malamulo aakulu limateteza zinsinsi za munthu ndipo gawo 19 limateteza ulemu wake, zimenezi sizithera pakhomo la khoti. Woweruza ali ndi mphamvu yoletsa funso losakhudzana ndi mlandu kapena longofuna kunyoza mboni, ndipo woimira boma ayenera kuimirira n'kutsutsa funso lotere nthawi yomweyo. Apa mpomwe pamaterera, chifukwa ambiri sadziwa kuti wodandaula pa mlandu wotere ndi mboni chabe, mwini mlandu ndi boma, ndiye ngati pulosekyuta, woimira boma uja, ali ndi mafayilo mulu tsiku limenelo ndipo sanakhale naye pansi mayiyo, palibe womuimirira. Ine maganizo anga ndi oti aliyense wofuna kutulutsa za m'foni ya wodandaula ayambe wafotokozera woweruza, anthu atatuluka, kuti meseji imeneyi ikukhudza bwanji tsiku la mlandu, ndipo apolisi atenge macheza a anthu awiriwo a masiku ofunikawo basi, osati foni yonse.

Musandimve ngati ndikuti woimbidwa mlandu asadziteteze. Gawo 42 la malamulo aakulu limati ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ali ndi ufulu wotsutsa umboni, ndipo boma liyenera kutsimikiza mlandu popanda chikaiko chomveka. Ngati pali meseji ya tsiku lomwelo yotsutsana ndi zomwe wodandaula wanena, khoti liyenera kuiona. Komanso munthu akamasulidwa sizitanthauza kuti mayi uja ananama, nthawi zina zimangotanthauza kuti umboni sunakwane.

Chimodzimodzi lipoti la kuchipatala, likanena kuti palibe mabala si umboni woti anavomera, anthu ambiri mantha akawagwira thupi limangouma, sakuwa, samenyana. Koma kuchipatala pitani msanga ndithu, ngati n'kotheka musanasambe, zovala muzisunge osachapa. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amafunika kuyamba pasanathe maola 72, ndipo kuno ku Blantyre kuli One Stop Centre ku Queens, yomwe ambiri amaitcha Chikwanekwane, komwe a chipatala, apolisi ndi a uphungu amathandizira pamalo amodzi. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit.

Mlandu ukafika kukhoti, gawo 71A la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola khoti kutulutsa anthu wodandaula akamapereka umboni, kuika chotchinga kuti asaonane ndi woimbidwa mlandu, kapena kulola wachibale kukhala pafupi naye. Musadikire kuti wina akukumbutseni, muuzeni pulosekyuta tsiku la mlandu lisanafike kuti akapemphe zimenezi, ndipo mumuuziretu zonse zomwe zili m'foni mwanu zomwe mukuopa kuti mbali inayo ingatulutse.