Kuyamba Uinjiniya wa Misewu ndi Milatho Uli Pantchito

Achinyamata ndi makolo awo amandifunsa kawirikawiri ngati munthu angafike pokhala injiniya wa misewu, milatho ndi madamu popanda kuyambira kuyunivesite. Ndimawayankha kuti inde. Njira yake imatchedwa apprenticeship: kampani imamulemba munthu ngati wophunzira, imamulipira pang'ono, masiku ambiri amakhala pamalo omanga, masiku ena m'kalasi, mpaka atapeza satifiketi kapena dipuloma. Ku England, kuyambira mu 2015, munthu amatha kupeza ngakhale digiri mwa njira imeneyi, ndipo pa uinjiniya wa zomangamanga zimatenga pafupifupi zaka zisanu.

Njirayi ndi yakale. Thomas Telford, mwana wa m'busa wa nkhosa ku Scotland, anayamba kuphunzira kusema miyala ali ndi zaka 14. Ndi yemweyo amene anadzatsogolera kumanga mlatho wolenjekeka wa Menai ku Wales, womwe unatsegulidwa mu 1826, ndipo mu 1820 anakhala pulezidenti woyamba wa Institution of Civil Engineers, bungwe la mainjiniya a zomangamanga ku Britain. Koma Telford sankangosema miyala. Ankadziphunzitsa kujambula mapulani ndi kuwerenga mabuku akaweruka. Anthu akamasimba mbiri yake, mbali imeneyi amaidumpha, chonsecho ndi imene inamusiyanitsa ndi amisiri anzake.

Ubwino wa kuyambira pamalo omanga umaonekera pa konkire. M'kalasi mudzauzidwa kuti madzi akachuluka poyerekeza ndi simenti, konkire amafooka, mfundo imene katswiri wa konkire wa ku America, Duff Abrams, anaifalitsa mu 1918. Pantchito mudzaona mmene mfundoyo imaphwanyidwira. Dzuwa lakwera, konkire wayamba kuuma m'wilibala, anthu atopa, wina n'kuthiramo chidebe cha madzi kuti azitapika mosavuta. Pamwamba amaoneka wosalala bwino. Zoona zake zimatulukira ku labotale, pamene timabokosi ta konkireyo, ta mamilimita 150 mbali zonse, tikuphwanyidwa pamakina patatha masiku 7 ndiponso 28. Wophunzira amene anadzaza yekha timabokosito, nayembekezera masabata anayi, n'kuona nambala itatsika, saiwalanso. Mudzamvetsanso chifukwa chake timathirira konkire kwa masiku osachepera 7: simenti imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, choncho konkire akauma msanga amasiya kukhwima ndipo amang'aluka. Mudzaona kuti zitsulo sitiziika paliponse. Konkire amapirira kwambiri kupanikizidwa, koma akakokedwa mphamvu yake imangokhala ngati gawo limodzi mwa magawo khumi, n'chifukwa chake chitsulo chimaikidwa kumbali imene ikukokedwa. Chikayandikira kunja kwambiri chimagwidwa dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kuthetheula konkire.

Ine phunziro langa loyamba linali la levulo, chida choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo. Ndinawerenga molakwika nambala pa ndodo yoyezera, ndinaphonya ndi masentimita 10, ndipo ngalande yomwe tinakumba inayamba kubweza madzi m'malo mowatulutsa. Injiniya amene ankandiyang'anira sanandikalipire. Anandiuza kuti ndibwerezenso muyeso wonse mpaka ndibwerere pamene ndinayambira, kuti nambala zidzitsimikizire zokha. Mpaka lero sindivomereza muyeso umene sunatsekedwe chotero.

Vuto lalikulu la njirayi ndi lakuti makampani ena amatenga wophunzira ngati wantchito wotchipa. Chaka chimatha mwana akungowerenga malole a mchenga pageti. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa nthawi ya mnyamata kapena mtsikana ameneyo sibwereranso. Musanasaine chilichonse, funsani kuti adzakuyang'anirani ndani, ndiponso ngati munthuyo ali m'kaundula wa bungwe la mainjiniya. Funsani ngati pepala limene mudzalandire pomaliza limavomerezedwa ndi bungwe limenelo, pakuti pali mapepala ena okongola amene sakufikitsani kulikonse. Masiku a m'kalasi alembedwe m'pangano, apo ayi ntchito ikathina adzakhala oyamba kulandidwa. Funsaninso ngati adzakusinthasinthani magawo: kuyeza malo, kuyesa dothi, kuwerengera zipangizo, ndi ofesi yojambula mapulani. Kampani imene ikuzengereza kuyankha mafunso amenewa isakukopeni ndi malipiro.

Masamu musawathawe. Ambiri amasankha njirayi poganiza kuti akupulumuka ku masamu ndi fizikisi, ndipo amakakamira panjira. Kapitawo wazaka zambiri akhoza kuyang'ana mtanda wa konkire n'kunena kuti ukuoneka wochepa, ndipo nthawi zambiri amalondola. Koma amene amasaina mapulani ndi amene angathe kuwerengera katundu amene mtandawo udzasenze, mmene udzapindikire, ndi kuchuluka kwa zitsulo zofunika. Pamene pali malire a mmisiri, tekinishani ndi injiniya ndi pomwepo. Onsewa ndi ofunika, ndipo kuima pa utekinishani si kulephera, kungoti munthu adziwe kumene akulowera. Dziwaninso kuti kuphunzira uku ukugwira ntchito n'kotopetsa: anzanu akamapuma madzulo, inu mudzakhala pa kompyuta kapena pabuku, mapazi akuwawa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaumiriza wophunzira aliyense amene wadutsa m'manja mwanga: buku lolembamo ntchito ya tsiku lililonse. Lembani tsiku, nyengo, chimene munapatsidwa, chimene chinalakwika, chisankho chimene chinapangidwa ndi chifukwa chake, ndipo wokuyang'anirani azisaina. Mukadzafuna kulowa m'kaundula wa mainjiniya, sadzakhutira ndi mndandanda wa milatho imene munaimapo. Adzafuna umboni wa zimene inuyo munawerengera, munayang'anira ndi kusankha. Dothi la pansi pa msewu likamapsinjidwa m'magawo ochepa, musangolemba kuti lapsinjidwa. Lembani kukula kwa gawo lililonse, chinyezi chake, ndi zimene muyeso wasonyeza, kenaka mukafunse injiniya chifukwa chake anakana gawo lina n'kulamula kuti lifukulidwenso.