Nkhondo ya Kagera, anaputa mnzake ndani?

Mkangano wa nkhondo ya Kagera, ya pakati pa Tanzania ndi Uganda mu 1978 ndi 1979, sunathe mpaka pano, ena amati Nyerere, mtsogoleri wa Tanzania panthawiyo, anapulumutsa anthu a ku Uganda, ena amati nayenso analowa m'dziko la eni ngati momwe anachitira Amin basi. Koma nkhaniyi inayambira kutali. Mu January 1971 Idi Amin analanda boma la Uganda mtsogoleri wake Milton Obote ali ku Singapore ku msonkhano wa Commonwealth, Obote nkuthawira ku Tanzania kwa mnzake Julius Nyerere, ndipo Nyerere anakaniratu kuti iye Amin samuzindikira ngati mtsogoleri. Mu September 1972 anthu a Obote anawoloka boda ndi mfuti kuchokera ku Tanzania komweko nkukalephera, Amin pobwezera anaponya mabomba m'matauni a ku Tanzania a Bukoba ndi Mwanza, mpaka Siad Barre wa ku Somalia anawakhazika pansi nkusainirana pangano ku Mogadishu. Nde amene amati Nyerere manja ake anali oyera aziikumbukanso 1972 imeneyi.

Boda yapamenepo ndi mzere wowongoka umene anajambula Angerezi ndi Majeremani, pomwe mtsinje wa Kagera uli chakummwera kwake, nde pakati pamatsala kachigawo ka Tanzania ka ma sikweya kilomita pafupifupi 1,800. Amin ankati malire enieni ndi mtsinjewo. Kumapeto kwa October 1978 asilikali ake analowa ponena kuti Tanzania ndi imene yayamba kuwaukira, anapha anthu wamba, kugwirira amayi, kutenga ng'ombe ndi malata omwe, pa 1 November nkulengeza kuti Kagera tsopano ndi Uganda, kenako nkugumula mlatho wa Kyaka. Chitetezo chanji chosasula malata pa nyumba za anthu osauka? Kwawo ku Uganda zinthu zinali zitavuta kale, chuma chitagwa chithamangitsireni amwenye mu 1972, asilikali akudyana okhaokha, ndipo ambiri amaona kuti nkhondoyi inali yofuna kuphimba zimenezo.

Chimene chimandipweteka ine ndi OAU, bungwe la mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo. Nyerere anapempha chinthu chimodzi, kuti bungweli lidzudzule poyera kuti Amin walakwa, koma iwo anangoti tiyeni tikambirane, pomwe Amin yemweyu anali atapha anthu miyandamiyanda kuphatikizapo Archbishop Janani Luwum mu 1977, komanso mu 1975 anamupatsa mpando wa OAU yomweyo. Nyerere anauza anthu ake kuti chifukwa chomumenyera tili nacho, mphamvu tili nazo, mtima tili nawo. Anasonkhanitsa apolisi, oyang'anira ndende ndi anyamata a m'midzi mpaka gulu la nkhondo linapitirira 100,000. Chaka chisanathe Kagera inali itabwerera.

Apa ndi pomwe pali mkangano weniweni, chifukwa asilikali a Tanzania sanaimire pa boda. January 1979 anatenga Mutukula, February Masaka ndi Mbarara, mu March ku Lukaya anakumana ndi asilikali amene Gaddafi wa ku Libya anatumiza kudzathandiza Amin nkuwagonjetsa, pa 11 April Kampala inagwa. Amin anathawira ku Libya kenako Saudi Arabia komwe anafera mu 2003 osaimako pa khoti. Ku msonkhano wa OAU ku Monrovia mu July 1979 Nimeiry wa Sudan ndi Obasanjo wa Nigeria anadzudzula Tanzania kuti izi zikaloledwa aliyense azilowa kwa neba wake nkumuchotsa pampando. Mantha awo ndikuwamvetsa, koma mawu amenewa anali kuti pomwe anthu a ku Kagera amaphedwa? Ine ndili mbali ya Nyerere, chifukwa kumusiya Amin ndi zida zake pa boda akanabweranso.

Komabe zotsatira zake sizinali zokoma. Yusuf Lule amene anamusankha ku msonkhano wa ku Moshi ku Tanzania kuti atsogolere Uganda anangokhala masiku 68, Godfrey Binaisa naye sanathe chaka, chisankho cha 1980 chinabwezera Obote anthu akudandaula kuti chaberedwa, ndipo mu 1981 Museveni analowa m'tchire, magazi nkukhetsedwanso ku Luwero. Tanzania nayo inalipira nkhondoyi pafupifupi yokha, ndipo kwa zaka anthu ake ankafola pa mzere kufuna shuga ndi sopo.