Kemisitiri si phunziro longodutsapo kwa wophunzira chemical engineering

Achinyamata amene amasankhidwa kukachita maphunziro a chemical engineering, ndiye kuti uinjiniya wopanga zinthu m'mafakitale pogwiritsa ntchito kemisitiri, monga amene amaperekedwa ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, kawirikawiri amakhala oti ankakonda kemisitiri ku sekondale. Komabe akafika chaka chachiwiri ndi chachitatu amapeza kuti nthawi yawo yambiri ikuthera pa masamu, pa kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, ndiponso pa mmene kutentha kumadutsira m'zitsulo, ndipo ena amayamba kuganiza kuti kemisitiri inali ya chaka choyamba basi, yoti munthu akhoze mayeso ake kenako n'kuiwala. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amabala mainjiniya odziwa kuwerengetsa kukula kwa thanki koma osadziwa chimene chikuchitika mkati mwake.

N'zoona kuti ntchito ziwirizi n'zosiyana. Katswiri wa kemisitiri amafufuza ngati zinthu zingasandulike n'kukhala chinthu china, ndipo amakhutira akapeza magalamu ochepa m'botolo la mu labotale. Injiniya amafunsa mmene chinthu chomwecho chingapangidwire matani ambiri tsiku ndi tsiku, pamtengo umene anthu angakwanitse, popanda kuvulaza ogwira ntchito kapena kuipitsa mtsinje wapafupi. Kusiyana kumeneku n'kumene George E. Davis, katswiri wa ku England, anakuika poyera pamene ankaphunzitsa ku Manchester mu 1887, ndipo chaka chotsatira sukulu ya MIT ku America inayamba kuphunzitsa ntchitoyi ngati maphunziro oima paokha. Koma funso la injiniya silingayankhidwe ngati la katswiri wa kemisitiri silinamveke, chifukwa kemisitiri ndiyo imalamula kuti fakitale imangidwe motani.

Poyambira penipeni ndi kuwerengetsa kuchuluka kwa zinthu pogwiritsa ntchito mole, yomwe ndi muyeso wa chiwerengero cha maatomu kapena mamolekyu, phunziro limene ophunzira ambiri amangoloweza njira yake osalimvetsa. Taganizirani thumba la feteleza wa yureya la makilogalamu 50, limene mlimi aliyense wa chimanga amalidziwa, lolembedwa kuti 46% N. Nambala imeneyi imachokera mu kemisitiri. Mole imodzi ya yureya imalemera magalamu 60, ndipo magalamu 28 mwa amenewa ndi nayitrojeni, zomwe zikutanthauza kuti m'thumba lonselo muli nayitrojeni wokwana pafupifupi makilogalamu 23 okha. Kuti apange magalamu 60 amenewo, amaphatikiza magalamu 34 a amoniya ndi magalamu 44 a mpweya wa carbon dioxide, ndipo pamatsala magalamu 18 a madzi. Kuchokera pamenepa injiniya amadziwa kuti tani imodzi ya yureya imafuna makilogalamu osachepera 567 a amoniya, ndipo ngati fakitale yake ikugwiritsa ntchito amoniya wochuluka kwambiri kuposa pamenepa, amadziwa kuti penapake pakutayika zinthu. Phunziro loyamba lenileni la uinjiniya umenewu, lowerengetsa zolowa ndi zotuluka mu fakitale, limangokuza kawerengedwe komweka, moti wophunzira amene sanamvetse mole amavutika nalo kuyambira sabata yoyamba.

Nkhani ya amoniya yemweyo ndiyo imaonetsa bwino kwambiri zimene ndikunena, ndipo ndikanakonda wophunzira aliyense ataidziwa mwatsatanetsatane. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingaugwiritse ntchito mmene ulili chifukwa maatomu ake awiri ndi omangana mwamphamvu kwambiri. Mu 1909, Fritz Haber anaonetsa ku Karlsruhe, m'dziko la Germany, kuti n'zotheka kuphatikiza nayitrojeni ndi haidrojeni n'kupeza amoniya, koma chipangizo chake chinali chaching'ono choti n'kuikidwa patebulo, ndipo amoniyayo ankatuluka m'madontho. Amene anasandutsa zimenezi kukhala fakitale anali Carl Bosch wa kampani ya BASF, ndipo fakitale yoyamba inayamba kugwira ntchito ku Oppau mu 1913.

Vuto limene anthu amenewa anakumana nalo lili m'buku lililonse la kemisitiri la chaka choyamba. Magawo anayi a mpweya, limodzi la nayitrojeni ndi atatu a haidrojeni, amasanduka magawo awiri okha a amoniya, ndipo potero amatulutsa kutentha. Malinga ndi mfundo imene Henry Le Chatelier anafotokoza mu 1884, kupanikiza mpweyawo mwamphamvu kumachulukitsa amoniya, pamene kuwonjezera kutentha kumamuchepetsa. Munthu angaganize kuti njira yabwino ndi kuziziritsa, koma pamalo ozizira maatomu a nayitrojeni salekana, ndipo kusandulikako kumachedwa kwambiri moti palibe chimene chingaoneke. Motero pali mafunso awiri osiyana: loyamba ndi lakuti kusandulikako kungafike pati, lachiwiri ndi lakuti kudzafikako mofulumira bwanji. Ophunzira ambiri amasokoneza mafunso awiriwa, komatu fakitale yonse ya amoniya inamangidwa pofuna kuwagwirizanitsa. N'chifukwa chake mafakitalewa amagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500, mpweya utapanikizidwa kuwirikiza ka 150 kapena kuposa poyerekeza ndi mphamvu ya mpweya wotizungulira, ndipo ngakhale zili choncho, mpweyawo ukadutsa kamodzi m'chipangizo, pafupifupi magawo 15 okha pa 100 ndi amene amasanduka amoniya. Wotsalawo amaubwezanso atachotsa amoniyayo pomuziziritsa mpaka kukhala wamadzimadzi. Makina opanikiza mpweya, mapaipi obwezera ndi zipangizo zoziziritsira, zonsezi ndi ntchito ya injiniya, koma chilichonse chilipo chifukwa cha lamulo la kemisitiri.

Panalinso mavuto ena awiri. Haber ankafulumizitsa kusandulikako pogwiritsa ntchito osmium, chitsulo chosowa kwambiri, ndipo panafunika kuti Alwin Mittasch ndi anzake ayese zinthu masauzande ambiri asanapeze catalyst (chinthu chofulumizitsa kusandulika) yotsika mtengo yopangidwa ndi ayironi, yomwe mtundu wake ukugwirabe ntchito mpaka lero. Catalyst imeneyi imaonongeka ikakhudzana ndi sulfur kapena mpweya wa carbon monoxide, choncho gawo lalikulu la fakitale ntchito yake ndi kungoyeretsa mpweya usanafike pa iyo. Vuto lachiwiri linali lakuti zipangizo zoyamba za Bosch zinkang'ambika, ngakhale zinali zachitsulo cholimba chimene masamu ankaonetsa kuti chikhoza kupirira. Ataunika chitsulo chong'ambikacho, anapeza kuti haidrojeni wotentha ankalowa m'chitsulomo n'kuphatikizana ndi kaboni amene amachilimbitsa, mpaka chitsulocho n'kufumbutuka. Anathetsa vutoli poika mkati mwa chipangizocho chitsulo chofewa chokhala ndi kaboni wochepa kwambiri, n'kuboola timabowo m'chitsulo chakunja kuti haidrojeni wodutsa azituluka. Injiniya wosadziwa kemisitiri akanangowonjezera kuchindikala kwa chitsulo, ndipo chikanang'ambikabe.

Kuno kwathu chitsanzo chapafupi ndi ethanol. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, ndipo pambuyo pake inamangidwanso ina ku Chikwawa. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa ethanol ndi carbon dioxide, ndipo kemisitiri imaika malire oti makilogalamu 180 a shuga wa mtundu wa glucose sangapereke ethanol woposa makilogalamu 92, zivute zitani. Kenako ethanolyo amamulekanitsa ndi madzi pomutcheza, mwa njira yomweyo imene amatchezera kachasu, chifukwa iye amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100. Wophunzira amene amangodziwa manambala awiriwa angaganize kuti kutcheza mobwerezabwereza kudzachotsa madzi onse, koma zimenezi sizichitika. Ethanol akafika pafupifupi magawo 96 pa 100, nthunzi yake imakhala yofanana ndendende ndi madzimadzi otsala, moti ngakhale chipangizo chotchezera chitatalika bwanji, sichingapitirire pamenepo. Chifukwa chake chili m'mmene mamolekyu a madzi ndi a ethanol amakokerana. Popeza madzi otsalawo akhoza kuchititsa kuti ethanol alekane ndi petulo m'thanki, pamafunika njira ina yowachotsera, monga kudutsitsa ethanolyo m'timibulu ta zeolite tokhala ndi timabowo timene molekyu ya madzi imalowamo koma ya ethanol siikwanamo.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya chitetezo. Usiku wa pa 2 December 1984 ku Bhopal, m'dziko la India, madzi analowa m'thanki yosungiramo methyl isocyanate pa fakitale ya mankhwala ophera tizilombo ya Union Carbide. Mankhwala amenewa akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha, kutenthako kumafulumizitsa kusandulika kwake, ndipo kufulumirako kumabala kutentha kwinanso, mpaka mpweya wapoizoni unatuluka n'kuphimba malo okhala anthu, n'kupha anthu masauzande. Zifukwa za ngoziyi zinali zambiri, kuphatikizapo kunyalanyaza zipangizo zotetezera, koma phunziro lake kwa wophunzira ndi lakuti injiniya ayenera kudziwa chimene mankhwala aliwonse amene akusunga angachite akakumana ndi madzi, mpweya, dzimbiri kapena kutentha. Chidziwitso chimenechi chimachokera mu organic chemistry, kemisitiri ya zinthu zokhala ndi kaboni, gawo limene ophunzira amadana nalo kwambiri chifukwa amaliona ngati mndandanda wa maina oloweza. Munthu akamvetsa kuti magulu a maatomu ofanana amachita zinthu mofanana, amatha kuyang'ana mankhwala amene sanawaonepo n'kudziwiratu kuti ndi oyaka, odya chitsulo, kapena osafunika kuyandikana ndi madzi.

Ntchito ya mu labotale nayonso siyenera kupeputsidwa. Wophunzira akaimirira patsogolo pa burette, chubu chagalasi chokhala ndi miyeso chodonthetsera mankhwala, akutsegula pang'onopang'ono kuti dontho limodzi ligwe, maso ali pa botolo kudikira kuti madzi oyerawo asanduke ofiirira pang'ono osabwereranso, amakhala akuphunzira kuti nambala iliyonse ili ndi malire a kulondola kwake. Akabwereza katatu n'kupeza manambala osiyana pang'ono, ayenera kufunsa chifukwa chake, osati kukonza manambalawo kuti afanane ndi a mnzake. Injiniya wa pa fakitale ya shuga, ya simenti kapena pamalo oyeretsera madzi akumwa amalandira zotsatira za ku labotale tsiku lililonse, ndipo potengera zimenezo amalamula kuti awonjezere laimu, alamu kapena klorini. Ngati sanagwirepo ntchito yoyeza ndi manja ake, sadziwa nthawi yokhulupirira nambala ndi nthawi yopempha kuti ayezenso.

Kwa amene ali ku sekondale kapena m'chaka choyamba, langizo langa ndi lakuti aike mphamvu zambiri pa mole ndi pa physical chemistry, ndiye kuti malamulo a kutentha, malire a kusandulika kwa zinthu ndi liwiro lake, chifukwa maphunziro a zaka zapamwamba okhudza kupanga zipangizo zosandutsira ndi zolekanitsira zinthu amamangidwa pamenepo. Asalekanitse kemisitiri ndi masamu, popeza liwiro la kusandulika kwa zinthu limalembedwa m'chilankhulo cha calculus, masamu owerengetsa mmene zinthu zimasinthira, ndipo wofooka mbali imodzi amapunthwa mbali inayo. Azolowere kulemba muyeso pambali pa nambala iliyonse, kaya ndi magalamu, ma mole kapena malita, chifukwa zolakwa zambiri za m'mayeso ndi za ku fakitale zimayambira pamenepo. Mabuku ndi manotsi a kemisitiri a chaka choyamba asawataye kapena kuwagulitsa mayeso akatha, chifukwa adzawafuna m'chaka chomaliza, pamene adzapatsidwe ntchito yojambula fakitale yonse kuyambira pa zolowa mpaka pa zotuluka.