Diso likalowa mkati, chakumphuno, pambuyo pa opaleshoni yoliwongola, si kuti dokotala walakwitsa

Ndatopa nalo dandaulo ili: "Adokotala, mwana ankathawitsa diso kunja, lero likuyang'ana kumphuno. Mwaononga." Ayi, sitinaononge. Nthawi zambiri timachitira dala.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu 6. Likamapatukira kunja, timamasula mnofu wa mbali ya khutu n'kuusokera chakumbuyo kuti ukoke mofooka, nthawi zina timafupikitsanso wa mbali ya mphuno. Diso sitilichotsa m'malo mwake, ngakhale anthu amakamba zimenezo. Koma diso lotere lili ndi khalidwe lake: pakapita masabata kapena miyezi, limayamba kubwerera kunja pang'onopang'ono. N'chifukwa chake likalowa mkati pang'ono m'masiku oyamba, ife mtima umakhala m'malo. Lomwe laongoka bwinobwino tsiku loyamba ndi limene limatidetsa nkhawa, poti nthawi zambiri ndi lomwe limadzathawanso.

Kufiira, kuyabwa ngati mwalowa mchenga, kuona zinthu ziwiriziwiri, zonsezi zimachitika ndipo kawirikawiri zimatha. Ulusi umene tasokera umasungunuka wokha. Zotsatira zenizeni timaziweruza pakatha masabata 6 mpaka 8.

Koma musamve ngati ndikuti khalani kunyumba. Pali kamtsikana kena kamene sindikaiwala. Diso lake linalowa mkati ndipo silinabwerere. Makolo anauzidwa ndi anzawo kuti zimatha zokha, tsiku lodzaonedwanso analiphonya, nabwera patapita miyezi yambiri. Ubongo wa mwana ukamalandira zithunzi ziwiri, umangosiya kugwiritsa ntchito diso limodzi. Pofika kwa ife, disolo linali litafooka kale. Akanabwera pa tsiku lake, magalasi kapena kutseka diso mosinthanasinthana zikanathandiza. Zimandiwawabe, chifukwa opaleshoni yake inayenda bwino.

Ndipo pali zina zosadikira n'komwe tsiku lomwe tinakupatsani. Ululu ukamakula m'malo mochepa, chikope chikatupa kwambiri, mafinya akamatuluka, thupi likatentha, kuona kukachepa, kapena diso likakanika kutembenukira mbali ina, bwerani tsiku lomwelo. Chomalizachi chingatanthauze kuti mnofu wachoka pamene tinausokera, ndipo kuupeza kumavuta mukachedwa.

Chonde, m'diso losokedwa musadonthezemo chilichonse chimene sitinakulembereni, kaya ndi madzi a zitsamba, kaya mankhwala otsala a munthu wina. Amene akukulonjezani kuti aliwongola ndi mankhwala odontheza kapena polisisita, akungofuna ndalama zanu, ndipo angakulowetsereni majeremusi pabala limene lisanapole.