Sunnah m'malamulo a Chisilamu: kwa inu amene mukukonzekera mayeso

Chaka ndi chaka ndikamachonga mapepala a ophunzira anga, pali yankho lina lomwe limandiwawa mtima. Funso likuti afotokoze ntchito ya Sunnah m'malamulo a Chisilamu, koma mwana akulemba kuti Sunnah ndi zinthu zomwe ukachita umapeza malipiro, ukazisiya sulangidwa, monga maraka (zigawo za swala) awiri oswali faradhi ya Fajr, swala yokakamiza ya m'bandakucha, isanayambe. Mwanayo sadaname ayi, koma wayankha funso lina, ndipo mamalikisi amuthawa ali ndi nzeru zake m'mutu.

Liwu limeneli lili ndi matanthauzo awiri. Tikamagawa ntchito kuti iyi ndi faradhi, iyi ndi haramu, iyi ndi sunnah, pamenepo likutanthauzadi ntchito yabwino yosakakamiza. Koma tikafika pa magwero a Shariya, Sunnah ndi zonse zomwe Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adalankhula, adachita kapena adavomereza. M'menemo muli zokakamiza, zoletsedwa ndi zololedwa. Hadith ndiyo nkhani yomwe idatinyamulira zimenezi kuchokera kwa maswahaba, anzake a Mtumiki omwe adakhala naye, mpaka kudzafika m'mabuku.

Zolankhula ndi zochita sizivuta. Chomwe ambiri amaiwala ndi chachitatu, kuvomereza, chotchedwa taqrir. Tsiku lina Mtumiki adapatsidwa nyama ya dabb, buluzi wamkulu wa m'chipululu wofananako ndi ng'azi. Adabweza dzanja osadya. Khalid ibn al-Walid adafunsa ngati nyamayo ndi haramu, ndipo Mtumiki adati ayi, kungoti kwawo sikupezeka ndipo mtima wake sukuifuna. Khalid adaikokera kwa iye n'kudya Mtumiki akuyang'ana, osamuletsa. Kusaletsako kudasanduka umboni, chifukwa Mtumiki sakadaonerera chinthu choletsedwa chikuchitika pamaso pake.

Mphamvu imeneyi Sunnah idaipeza ku Qur'an yomwe. Sura 4 ndime 59 ikulamula kumvera Allah ndi kumvera Mtumiki, ndipo ndime 80 ya sura yomweyo ikuti womvera Mtumiki wamvera Allah. Sura 16 ndime 44 ikuti chikumbutso chidatsitsidwa kwa iye kuti afotokozere anthu zomwe zidatsitsidwa kwa iwo. Lowezani ndime zitatuzi pamodzi ndi sura 59 ndime 7. Amene adaiyala bwino mfundoyi ndi Imam al-Shafi'i, yemwe adamwalira ku Egypt mu 820, m'buku lake la al-Risala. Njira yake ndi yomwe Asilamu ambiri kuno kwathu amatsata.

Tsono Sunnah imachita chiyani ikakumana ndi Qur'an? Nthawi zina imangotsindika zomwe zanenedwa kale, monga kuletsa umboni wabodza ndi kunyoza makolo. Apa palibe zambiri zokamba. Pali nkhani ndi pa ntchito yachiwiri, yofotokozera, ndipo ndikadakonda kuti theka la yankho lanu lithere pamenepa.

Qur'an ikulamula swala kambirimbiri, koma muifunefune ndime yonena kuti Fajr ndi maraka 2, Dhuhr 4, Asr 4, Maghrib 3, Isha 4, simuipeza. Maraka 17 amenewa tidawadziwa chifukwa Mtumiki adauza maswahaba kuti aziswali monga adamuonera iye akuswali. Chimodzimodzi zakaat. Sura 6 ndime 141 ikuti perekani gawo la zokolola tsiku lokolola, osatchula kuchuluka. Hadith ndiyo ikuti mbewu yothiriridwa ndi mvula mupereke gawo limodzi mwa magawo 10, yothirira movutikira theka lake, ndipo zokolola zikachepera mawasq 5, pafupifupi makilogalamu 650, palibe chopereka. Mlimi amene wakolola matumba 40 a chimanga chamvula apereka matumba 4. Mnzake wakudimba amene adapopa madzi mpaka kukolola matumba 40 omwewo apereka 2. Ine ndimaona chifundo chachikulu pamenepa: lamulo lidawerengera thukuta la munthu.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda kwambiri chili pa mbale yathu ya ndiwo. Sura 5 ndime 3 ikuletsa nyama yofa yokha ndi magazi, popanda kupatula. Munthu atangoima pa mawu amenewa, akadafunsa kuti nanga usipa woyanikidwa pa thandala ku Mangochi adauzinga ndani, chambo cha mu ukonde adachidula pakhosi ndani. Qur'an yaloleza kale zogwidwa m'nyanja pa ndime 96 ya sura yomweyo, ndipo Sunnah idamasula poyera: zofa ziwiri ndi zololedwa, nsomba ndi dzombe, komanso magazi awiri, chiwindi ndi kapamba. Uku ndiko kupatula kanthu m'lamulo lomwe limaoneka lokuta zonse, ndipo ma ulama, akatswiri a chipembedzo, amakutcha takhsis.

Pali kuikanso malire pomwe Qur'an sidaike. Ndime 11 ndi 12 za sura 4 zikuti chuma cha masiye chigawidwe atachotsa ngongole ndi wasiya, womwe ndi chuma chomwe malemu adalamula ali moyo kuti chidzaperekedwe akamwalira, koma sizikunena kuti wasiya ufike pati. Sa'd ibn Abi Waqqas adadwala kwambiri ku Makka, ali ndi mwana mmodzi yekha wamkazi, ndipo adapempha kuti apereke magawo awiri mwa atatu a chuma chake. Mtumiki adakana. Adapempha theka, adakananso. Pa gawo limodzi mwa atatu adalola, koma adati nalonso ndi lambiri, chifukwa kusiya abale ako ali ndi kanthu n'kwabwino kuposa kuwasiya akupemphetsa. Mpaka lero shehe aliyense wogawa chuma cha masiye amaima pa malire amenewo.

Ntchito yachitatu ndi kubweretsa lamulo lomwe Qur'an sidalitchule. Sura 4 ndime 23 ikuletsa kukwatira mkazi ndi mchemwali wake pa mitala, ndipo Sunnah idawonjezera azakhali ake ndi mayi ake aakulu kapena aang'ono. Golide ndi silika kwa amuna zidaletsedwanso ndi Sunnah. Akatswiri ena, monga al-Shatibi wa ku Granada, adati malamulo oterewa ali ndi mizu yake m'Qur'an ndithu. Mukatchula kusiyana kumeneku m'chiganizo chimodzi, wochonga amadziwa kuti mwawerenga.

Gawo la agogo aakazi pa chuma cha masiye lidadza mwa njira yomweyi, ndipo nkhani yake ikutiphunzitsa china. Gogo wina adapita kwa Abu Bakr kukafunsa gawo lake. Abu Bakr adati m'Buku la Allah sakupezamo kanthu, ayambe wafunsa anthu. Al-Mughira ibn Shu'ba adati adaona Mtumiki akupereka gawo limodzi mwa 6. Abu Bakr sadathamange, adafuna mboni ina, ndipo Muhammad ibn Maslama atavomereza m'pamene adagamula. Mtumiki adamwalira mu 632, ndipo kufufuza kudayamba m'zaka zoyambirira zomwezo.

Mwambo wofufuzawu udakula mpaka kukhala maphunziro paokha. Khalifa Umar ibn Abd al-Aziz, amene adalamulira kuyambira 717 mpaka 720, adalamula kuti ma Hadith alembedwe. Kenaka kudabwera Muwatta ya Imam Malik, ndipo pambuyo pake al-Bukhari, amene adamwalira mu 870, ndi Muslim, amene adamwalira mu 875. Hadith iliyonse ili ndi isnad, mndandanda wa anthu omwe adalandizana nkhaniyo, ndi matn, mawu akewo. Kuti itchedwe sahih, mndandandawo usaduke, aliyense akhale wolungama ndi wosunga bwino, isatsutsane ndi odalirika kumposa, ndipo isakhale ndi chilema chobisika. Pansi pake pali hasan, yomwe imagwirabe ntchito pa malamulo, kenaka da'if, yofooka, yomwe payokha siikhazikitsa halali kapena haramu. Mawdu' ndi yopeka basi, ndipo zina mwa zomwe zimazungulira pa WhatsApp popanda kutchula buku ndi za mtundu umenewu. Chonde musazitengere m'chipinda cha mayeso.

Apa m'pamenenso pamachokera kusiyana kwa ma madhhab, njira zosiyanasiyana za akatswiri zomasulira malamulo. Mukaswali Fajr pambuyo pa imamu wa Shafi'i mumva qunut, pempho lapadera kwa Allah, pa raka yachiwiri, pomwe wa Hanafi amaisungira swala ya usiku yotchedwa witr. Onsewa akutsata Sunnah. Adasiyana pa kuyeza ma Hadith ndi pa kamvedwe kake, monganso Imam Malik ankalemekeza kwambiri zomwe anthu a ku Madina ankachita chifukwa adazilandira kwa maswahaba.

Tsiku la mayeso, pa ntchito iliyonse ya Sunnah lembani ndime ya Qur'an, Hadith yomwe ikukhudza ndimeyo, ndi chomwe Hadith yachita pa ndimeyo. Ngati mawu enieni a Hadith akuthawani, lembani tanthauzo lake m'mawu anu ndi kunena kuti ndi tanthauzo. Musamuikire Mtumiki mawu m'kamwa pofuna kudzaza pepala.