Fosholo ndi wotchi: chiyambi cha njira ya Taylor yoyezera ntchito

Frederick Winslow Taylor, yemwe anadzakhala injiniya wotchuka wa ku America, atayamba ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Midvale ku Philadelphia mu 1878, anapeza anthu akugwira ntchito mwachizengereza, ndipo ankachitira dala. Sunali ulesi ayi. Munthu ankalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa zomwe wapanga, koma wina akachulutsa, mabwana ankatsitsa mtengo wa chinthu chilichonse. Wolimbikira ankangopalamulira anzake mavuto. Taylor atakhala kapitawo anazindikiranso kuti panalibe bwana ndi mmodzi yemwe wodziwa kukula kwenikweni kwa ntchito ya tsiku limodzi. Ankadziwa ndi amisiri okha, ndipo sankaulula.

Apa ndi pomwe anatengera wotchi ya stopwatch, yoyezera nthawi yomwe ntchito yatenga. Ntchito iliyonse ankaiduladula m'tizigawo, kuyeza nthawi ya kachigawo kalikonse, kuchotsa mayendedwe opanda phindu, kuikapo nthawi yopuma, kenako kulemba zonse pakhadi loti wantchito atsatire. Kuganiza kunasamukira ku ofesi, manja okha n'kutsala pamakina.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha mafosholo a ku Bethlehem Steel, komwe anagwira ntchito kuyambira 1898 mpaka 1901. Aliyense ankabwera ndi fosholo yake n'kumawolera nayo chilichonse. Pa miyala ya chitsulo inkanyamula mapaundi pafupifupi 30, msana n'kutheratu dzuwa lisanapendeke. Pa malasha osalala sinkafika ndi mapaundi 4 omwe, munthu n'kumangoponya mikono pachabe. Atayesa mafosholo a misinkhu yosiyanasiyana, anapeza kuti katundu woyenera ndi mapaundi 21, omwe ndi makilogalamu 9 ndi theka. Kampani inagula mitundu 8 mpaka 10 ya mafosholo, yaing'ono ya miyala, yaikulu ya malasha. Malinga ndi buku lake la mu 1911, The Principles of Scientific Management, munthu mmodzi anachoka pa matani 16 patsiku kufika pa 59, malipiro kuchoka pa $1.15 kufika pa $1.88, ndipo pabwalo pomwe panali anthu 400 mpaka 600 panatsala 140.

Manambalawa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Ntchito inakwera kuposa katatu, malipiro osafika ngakhale kawiri. Pa ntchito ina, yokweza m'sitima zitsulo zolemera mapaundi 92 chimodzi, Taylor mwiniwake anavomereza kuti mwa amuna 8 ndi mmodzi yekha amene akanakwanitsa matani 47 patsiku. Nkhani imeneyi akatswiri a mbiri yakale anadzapeza kuti Taylor anaithira mchere kwambiri.

Mkangano unaphulika mu Ogasiti 1911 ku Watertown Arsenal, fakitale ya zida zankhondo ya boma ku Massachusetts. Mmisiri wina woumba zitsulo anakana kuti munthu amuimirire kumbuyo ndi wotchi, n'kuchotsedwa ntchito, anzake onse n'kunyanyala. Kumeneko wotchi inabwera mothamanga, amisiri asanafunsidwe ndi komwe, ndipo iwo ankati nthawi zomwe zinalembedwa n'zosatheka. Nyumba ya malamulo ya dziko la America inakhazikitsa komiti yofufuza, Taylor n'kukaonekera pamaso pake mu 1912. Mu 1915, chaka chomwe iye anamwalira, aphungu analetsa kugwiritsa ntchito ndalama za asilikali poyeza anthu ndi stopwatch, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka 1949.